Wagner itabwerera panjira ya ku Moscow, ndani analipira ndipo analipira liti?

Anthu akayamba kukamba za Wagner, gulu la asilikali aganyu la ku Russia limene linaukira boma la Putin mu Juni 2023, kaya ndi m'basi ya ku Matero kapena pometetsa ku Kabwata, funso limakhala lomwelo, ati kodi mkulu uja Prigozhin anabwereranji pomwe anali atatsala pang'ono kulowa mu Moscow. Ena amati anagulidwa, ena amati anamuopseza za banja lake, ena basi amati zonse zija zinali sewero. Kwa ine nkhani yeniyeni ili pa zimene zinatsatira kuyambira usiku wa pa 24 Juni 2023 kupita mtsogolo, chifukwa apo mpamene pamaoneka bwino mmene mtsogoleri wankhanza amene ali pakati pa nkhondo amachitira ndi anthu amene amuukira n'kulephera. Ambirife timaganiza kuti mawa lake onse akhala atamangidwa kapena ataphedwa. Koma nkhondo simulola kutero, asilikali akuwafuna, ndiye chilango amachigawa, uyu lero, uyu pakapita miyezi iwiri, uyu chaka chamawa, ndipo ena sawakhudza n'komwe.

Tiyambe ndi munthuyo kaye, kwa amene simunamutsatire. Yevgeny Prigozhin sanali msilikali ayi. Anabadwa mu 1961 ku Leningrad, mzinda umene pano ndi St Petersburg, kwawo kwa Putin komweko, ndipo ali mnyamata anakhala mu jele pafupifupi zaka 9 pa milandu yakuba ndi umbanda. Atatuluka mu 1990 anayamba kugulitsa ma hot dog, kenako malesitilanti, mpaka kufika pophikira Putin ndi alendo ake, ndiye kampani yake ya Concord inayamba kupatsidwa makontrakiti odyetsa ana asukulu ndi asilikali, ndalama zenizeni zinachokera kumeneko. Gulu la Wagner linayamba mu 2014, wolitsogolera kunkhondo anali Dmitry Utkin, ndipo kwa zaka zambiri Prigozhin ankakanitsitsa kuti gululi sakulidziwa, mpaka kumasumira anthu amene amutchula, n'kudzavomera yekha mu Sepitembala 2022. Asilikali aganyu amenewa anagwira ntchito ku Syria, Libya, Sudan, Central African Republic, Mali, olo pafupi pompa ku Cabo Delgado ku Mozambique anafikako mu 2019 koma zinawavuta sanakhalitse.

Ife a ku Zambia dzina la Wagner tinalidziwira pa maliro. Mu Novembala 2022 a Stanley Kakubo, omwe anali nduna ya zakunja nthawi imeneyo, analengeza kuti mnyamata wathu wa zaka 23 amene anapita kukaphunzira ku Moscow wafera kunkhondo ku Ukraine, pomwe kwawo ankadziwa kuti ali m'ndende akugwira ukaidi wa zaka 9 ndi theka. Prigozhin anavomera yekha kuti anamutenga ndi iye. Imeneyo ndiyo inali njira yake, kuzungulira ndende za ku Russia kumauza akaidi kuti kamenyeni nkhondo miyezi 6, mukapulumuka mwamasuka. Mwini wakeyo ananena kuti anatenga akaidi pafupifupi 50,000 ndipo kuti pomenyera tauni ya Bakhmut anataya anthu pafupifupi 20,000, theka lawo akaidi. Bakhmut inagwa mu Meyi 2023, ndipo panali patapita miyezi yambiri Russia isanalande tauni iliyonse yodziwika, ndiye mutha kuona chifukwa chake mutu unamukulira.

Mkangano wake unali ndi anthu awiri, nduna ya zachitetezo Sergei Shoigu ndi mkulu wa asilikali Valery Gerasimov. Miyezi yonse ija ankawatukwana pa Telegram poyera, ati akumumana zipolopolo dala, ndipo vidiyo imene ambiri munaiona ndi ija ya kumayambiriro kwa Meyi ataima usiku pakati pa mitembo ya anyamata ake, kumakuwa mayina a awiriwo. Putin ankangoyang'ana, chifukwa ndi khalidwe lake kulola akuluakulu ake kumakangana iye n'kukhala woweruza. Zinasintha pa 10 Juni pamene unduna wa zachitetezo unalamula kuti magulu onse odzipereka asaine makontrakiti ndi undunawo pofika pa 1 Julayi, ndipo patangopita masiku ochepa Putin anati nayenso akugwirizana nazo. Tanthauzo lake linali loti Wagner yatha, anyamata, zida, ndalama, zonse zilowa m'manja mwa Shoigu yemweyo. Ndiye amene mumati Prigozhin ankamenyera chilungamo kapena ankafuna kuthetsa nkhondo, pepani, munthu ankamenyera bizinesi yake imene imalandidwa, ndipo anali ndi masabata atatu okha. Mwa njira, a Hichilema pamodzi ndi a Ramaphosa, a Macky Sall ndi anzawo ena anali ku St Petersburg pa 17 Juni kukakamba za mtendere ndi Putin, sabata imodzi yokha zisanaphulike.

Lachisanu pa 23 Juni anatulutsa vidiyo yonena kuti zifukwa zimene boma linapereka poyambitsa nkhondo zinali zabodza, madzulo ake anati asilikali a boma aphulitsa msasa wa Wagner, ndipo iye ndi anthu 25,000 akupita kukafunsa. Pofika m'mawa wa Loweruka anali atakhala m'likulu la asilikali la ku Rostov-on-Don, kumene nkhondo ya ku Ukraine imayendetsedwera, popanda womuletsa, atakhala pabenchi pakati pa wachiwiri kwa nduna Yunus-bek Yevkurov ndi jenerali Vladimir Alekseyev kumawauza kuti amubweretsere Shoigu ndi Gerasimov. Kunja anthu a mu tauni ankajambulitsa ndi asilikaliwo, kuwapatsa madzi ndi chakudya, kasinja mmodzi mpaka anapanikizika pa geti la circus anthu kumaseka. Gulu lina linakwera mseu wa M4 kulowera kumpoto, kudutsa Voronezh, kudutsa Lipetsk kumene aboma anachita kukumba mseu ndi makatapila kuti magalimoto asadutse. Panjira anagwetsa mahelikopita angapo ndi ndege imodzi ya Il-22, ndipo oyendetsa ndege oposa 10 anafa. Putin anatuluka pa TV nkhope ili gwa, anati ichi nchiwembu, anakumbutsa za 1917 pamene dziko linagawanika lili pankhondo, analonjeza chilango chosathawika. Madzulo omwewo, atatsala makilomita pafupifupi 200, Prigozhin anati tabwerera, sitikufuna kukhetsa magazi a anthu a ku Russia. Alexander Lukashenko, pulezidenti wa Belarus, ndi amene anati anayanjanitsa.

Manje apa mpamene ambiri tinasokonekera. Munthu amene m'mawa anali woukira boma, madzulo mneneri wa Putin, Dmitry Peskov, akuti mlandu wake uthetsedwa, apita ku Belarus, anyamata ake sazengedwa mlandu, amene sanatenge nawo mbali atha kusaina ndi unduna. Pa 27 Juni a FSB, bungwe la zachitetezo ndi ukazitape la boma, anatsekadi mlanduwo. Kuti mumvetse kukula kwake, m'dziko lomwelo khansala wa ku Moscow Alexei Gorinov anapatsidwa zaka 7 mu 2022 chifukwa chongolankhula zotsutsa nkhondo pa msonkhano wa khonsolo, Vladimir Kara-Murza anapatsidwa zaka 25 mu Epulo 2023 chifukwa cha mawu basi. Koma anthu amene alanda mzinda wa anthu oposa miliyoni n'kupha oyendetsa ndege a boma akuuzidwa kuti pitani bwino. Manyuzipepala a kunja ambiri analemba kuti Putin wafooka, watha, ndipo tsiku limenelo analidi wofooka, palibe kukana. Chimene sanachione nchakuti munthu amene ali ndi nkhondo kutsogolo sangayambe ina kumbuyo. Ukraine inali itangoyamba kumene kukankha kumwera m'mwezi womwewo wa Juni. Kumenyana ndi Wagner m'misewu ya Rostov kapena pakhomo pa Moscow kukanafuna kuchotsa asilikali kutsogolo, ndiponso panalibe chitsimikizo choti asilikali a boma akalamulidwa kuombera anzawo amene amawaona ngati ngwazi za ku Bakhmut adzaomberadi. Ndiye chofunika usiku umenewo chinali chimodzi, mfuti zibwerere kumisasa, pa mtengo uliwonse, zina tidzaona.

Zimene zinatsatira zinayenda mwa ndondomeko yoti ukaiona pamodzi umachita mantha. Choyamba anamulekanitsa ndi anyamata ake. M'mawu ake a sabata imeneyo Putin ankayamikira asilikali wamba a Wagner kuti ndi okonda dziko lawo amene anangosocheretsedwa, atsogoleri okha ndiwo achiwembu. Chachiwiri anamuchotsera ulemu. Pa 27 Juni Putin anaulula kuti boma ndi limene linkalipira Wagner, ma ruble 86 biliyoni kuyambira Meyi 2022 mpaka Meyi 2023, kuphatikizapo ena 80 biliyoni amene Concord inapeza podyetsa asilikali, n'kuonjezera kuti tiona ngati panalibe wakuba. Kwa zaka zonse zija boma linkati Wagner sitikuidziwa, lero likuti tinkaidyetsa ndife. Kenako TV ya boma inaonetsa zimene apolisi anapeza kunyumba kwake ku St Petersburg, mitolo ya ndalama, golide, mfuti, mapasipoti a mayina osiyanasiyana, ndi kabati yodzaza mawigi, zithunzi zake atavala mawigi ndi ndevu zomata zinayenda pa intaneti dziko lonse kumaseka. Makampani ake ofalitsa nkhani a Patriot anatsekedwa mkati mwa sabata. Pa 12 Julayi unduna unalengeza kuti Wagner yapereka akasinja, mizinga ndi zida zina zikuluzikulu zoposa 2,000, matani 2,500 a zipolopolo ndi mfuti pafupifupi 20,000. Pomwepo Putin, munthu amene timamudziwa ndi tebulo lalitali lija lokhazika alendo kutali, anapezeka ku Derbent ku Dagestan pa 28 Juni ali pakati pa chikhamu, kugwirana chanza ndi anthu, kujambulitsa, kuti dziko lione kuti si Prigozhin yekha amene amakondedwa mumsewu.

Ndipo nthawi yonseyi Prigozhin ankayenda momasuka. Patangopita masiku 5 chichitikireni zija, pa 29 Juni, iye ndi makomanda ake anali mu Kremlin, likulu la boma la Russia, pa msonkhano wa anthu 35 ndi Putin maola atatu, nkhani imene Peskov anadzaitsimikiza pa 10 Julayi. Malinga ndi mmene Putin anafotokozera yekha, anawauza kuti atha kupitiriza kumenya nkhondo pansi pa komanda wawo Andrei Troshev, ambiri anagwedeza mutu kuvomera, koma Prigozhin amene anakhala kutsogolo osawaona anayankha kuti anyamata sakugwirizana nazo. Kaya zinalidi choncho kaya ayi, uthenga unali womveka, anyamata ndi anga tsopano iwe ulibe ntchito. Koma iye anapitiriza kukwera ndege yake, lero Belarus, mawa St Petersburg kumene anajambulidwa akupatsana moni ndi nthumwi za ku Africa pa nthawi ya msonkhano wa Russia ndi Africa kumapeto kwa Julayi, kenako vidiyo ali m'chipululu atanyamula mfuti kumanena kuti ali ku Africa. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa 23 Ogasiti, miyezi iwiri ndendende, ndege yake ya Embraer Legacy 600 yochoka ku Moscow kupita ku St Petersburg inagwa pafupi ndi mudzi wa Kuzhenkino m'chigawo cha Tver. Anthu onse 10 anafa, iye, Utkin, Valery Chekalov amene ankayendetsa za katundu ndi ndalama, omulondera, komanso oyendetsa ndege awiri ndi mayi wothandiza m'ndege amene analibe nawo mbali pa mikangano yonseyi. Kremlin inakana kuti ilibe dzanja pamenepo. Putin anapepesa maliro n'kunena kuti anali munthu waluso koma wolakwitsa zinthu zazikulu m'moyo, ndipo mu Okutobala anati m'matupi mwa akufawo munapezeka zidutswa za magurunedi, kutanthauza kuti mwina anadziphulitsa okha. Dziko la Brazil, kumene ndegeyo inapangidwa, linali lokonzeka kuthandiza kufufuza, Russia inati sikutsegula kafukufuku wa mayiko. Aliyense aganize yekha, koma ine sindinakumanepo ndi munthu amene amakhulupirira za magurunedizo. Anaikidwa mwakachetechete pa 29 Ogasiti ku manda a Porokhovskoye pafupi ndi bambo ake, Putin sanapiteko. Ndipo patangopita masiku awiri ndege itagwa, Putin anasaina lamulo loti aliyense womenya nkhondo m'magulu otere azilumbira kukhulupirika ku boma.

Chimene anthu amaiwala nchakuti kuukira kolephera kumamupatsa mtsogoleri mndandanda wa mayina. Tsiku lija aliyense anaonekera, amene anaimba foni, amene anazima foni, amene anachedwa kulankhula. Jenerali Sergei Surovikin, yemwe anatsogolerapo nkhondo yonse ya ku Ukraine ndipo ankadziwika kuti ndi mnzake wa Wagner, anaoneka pa vidiyo usiku woyamba akuwachonderera kuti abwerere, kenako anasowa kwa masabata ambiri ndipo mu Ogasiti anachotsedwa pa udindo wotsogolera asilikali a m'mlengalenga. Jenerali Ivan Popov wa gulu la 58, amene asilikali ake ankamukonda, anachotsedwa mu Julayi atadandaula za mavuto a kutsogolo, anamangidwa mu Meyi 2024, n'kupatsidwa zaka 5 mu 2025 pa mlandu wa chinyengo. Igor Girkin, komanda wakale wa zigawenga za mbali ya Russia kum'mawa kwa Ukraine, ndiye nkhani yake imandiseketsa mowawa, chifukwa iye ankadana naye Prigozhin ndipo sanaukire nawo, tchimo lake linali pakamwa, ankanyoza Putin kuti nkhondo akuimenya mofooka. Anamangidwa pa 21 Julayi 2023 n'kupatsidwa zaka 4. Zisanachitike za Wagner boma linkamanga otsutsa nkhondo koma kulekerera okonda nkhondo olongolola, zitachitika linazindikira kuti oopsa ndi achiwiriwa chifukwa ali ndi owatsatira onyamula mfuti. Khomo limenelo linatsekedwa. Ndipo gulu la Rosgvardia, asilikali oteteza boma mkati mwa dziko amene amatsogoleredwa ndi Viktor Zolotov, mlonda wakale wa Putin, linaloledwa mwalamulo kukhala ndi zida zikuluzikulu monga akasinja.

Nanga Shoigu? Apa mpamene pali nzeru yoipa ija. Zambiri zimene Prigozhin ankanena zokhudza katangale mu unduna zinali zoona ndipo Putin ankadziwa. Koma akanamuchotsa Shoigu mu Julayi 2023 ndiye kuti waphunzitsa dziko lonse kuti ukafuna chinthu tenga akasinja ulowere ku Moscow. Ndiye anamusunga pafupifupi chaka chathunthu, anadikira chisankho cha mu Malichi 2024 chimene anati wapambana ndi 87 peresenti, kenako mu Epulo wachiwiri kwa Shoigu, Timur Ivanov, anamangidwa pa za ziphuphu, anadzapatsidwa zaka 13, akuluakulu ena a mu unduna anatsatira, ndipo mu Meyi Shoigu mwini anasamutsidwira ku Security Council ya Russia, pampando pake panakhala katswiri wa zachuma Andrei Belousov. Zimene woukira ankafuna zinachitika pang'ono, koma iye ali m'manda ndipo palibe amene angati zachitika chifukwa cha iye. Gerasimov ndiye sanasunthe.

Mukafuna kuona mbali ina ya nkhani yomweyi, yang'anani Germany mu 1944. Pa 20 Julayi chaka chimenecho, Colonel Claus von Stauffenberg anasiya bomba m'chikwama pansi pa tebulo pa msonkhano wa Hitler, bomba linaphulika, anthu anayi anafa, Hitler anangovulala pang'ono. Kusiyana kwake ndi Prigozhin nkwakukulu, awa ankafunadi kupha mtsogoleri ndi kuthetsa nkhondo, ndipo analibe gulu lawolawo la asilikali loti angakambirane nalo mtengo. Usiku womwewo Stauffenberg ndi anzake atatu anaomberedwa pabwalo la likulu la asilikali ku Berlin molamulidwa ndi jenerali Friedrich Fromm, amene ankafuna kufafaniza umboni woti nayenso ankadziwa, koma sizinamupulumutse, anaphedwa mu Malichi 1945. Anthu zikwi anamangidwa, ambiri osakhudzidwa n'komwe. Oweruzidwa ankabweretsedwa ku khoti la Roland Freisler atawalanda malamba, Field Marshal Erwin von Witzleben, munthu wachikulire, anaima pamaso pa makamera atagwirira buluku kuti lisagwe woweruza akumukuwiza. Akazi ndi abale a oukirawo anamangidwa, ana analandidwa n'kupatsidwa mayina ena. Himmler, mkulu wa SS, gulu la asilikali a chipani cha Hitler, anapatsidwa asilikali a mkati mwa dziko, ndipo asilikali onse analamulidwa kusiya sailuti yawo n'kumachita ya chipani. Koma taonani za Erwin Rommel, jenerali amene anthu ankamukonda kwambiri. Olo Hitler amene sanaope kukhetsa magazi, sanayerekeze kumuimika pa khoti pakati pa nkhondo. Pa 14 Okutobala anamutumizira majenerali awiri ndi poizoni, asankhe yekha, kenako analengeza kuti wafa ndi mabala a kunkhondo n'kumuchitira maliro a boma. Wotchuka samuphera pagulu. Nkhondo ija inapitirira mpaka Meyi 1945, popanda majenerali ena oyerekeza kumuukiranso, ndipo miyezi yomaliza ija inapha anthu mamiliyoni.

Kuno kwathu tinaonapo zoterezi koma popanda nkhondo, ndipo zotsatira zake zinasiyana. Achikulire a mu Lusaka amakumbukira m'mawa wa pa 30 Juni 1990, patangopita masiku ochepa chichitikireni zipolowe za mtengo wa unga, pamene Lieutenant Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Zinatha m'maola ochepa, koma anthu anali atatuluka kale m'misewu kukondwera ndipo a Kaunda anaona. Analibe mdani wakunja woti aloze n'kunena kuti amene akunditsutsa akugulitsa dziko, mdani anali njala, ndiye mmalo momanga anthu anamasula, mu Disembala anasaina kuti zipani zibwerere, mu Okutobala 1991 a Chiluba anapambana. Koma za pa 28 Okutobala 1997 za Captain Solo zinayenda mwa njira inayo, kuukira kwa maola ochepa kunabweretsa state of emergency, andale otsutsa anamangidwa, a Kaunda amene anatengedwa pa tsiku la Khirisimasi, ndipo asilikali 44 anakhala akudikira chingwe mpaka a Mwanawasa anawasinthira chilango mu 2004. Olo boma losankhidwa, likapatsidwa mpata wotere limasesa ndi ena amene linkawafuna kale. Ndiye tangoganizani boma lopanda makhoti oima paokha, lokhala ndi nkhondo yoti lizibisalamo.

Funso loti kodi Putin anatuluka wamphamvu kapena wofooka, ine ndimati zonse ziwiri koma pa nthawi zosiyana. Loweruka lija palibe khamu limene linatuluka kukamuteteza, asilikali ambiri panjira anangoyang'ana gulu likudutsa, akuluakulu ambiri anadikira kaye aone mphepo. Zimenezo anaziona ndipo anthu ake anaziona. Koma mbali inayo, palibenso jenerali olo mmodzi kapena bwanamkubwa amene analowa poyera mbali ya Prigozhin, ndipo kuukira kulikonse kumadalira zimenezo, kuti maola oyamba anthu ena akuluakulu adumphire. Prigozhin mwini ankanena kuti sakulimbana ndi pulezidenti koma nduna, ndiye amene akanafuna kumutsatira akanatsatira chiyani, munthu wopita ku likulu ndi akasinja kukadandaula kwa bwana yemweyo? Wina aliyense wa mfuti ku Russia amene anali ndi maganizo otere anaphunzira zinthu ziwiri, kuti njira ya ku Moscow ndi yotseguka kuposa mmene ankaganizira, komanso kuti lonjezo la chikhululukiro limakhala miyezi iwiri. Phunziro lachiwirili limaletsa anthu kuyamba, koma likutanthauzanso kuti amene adzayambe sadzavomera kubwerera panjira.

Kunkhondo kwenikweni sikunasinthe zambiri. Wagner inali itachoka kale ku Bakhmut kupita kumisasa yakumbuyo, mzere wa Russia kumwera sunasweke, ndipo mu Febuluwale 2024 analanda Avdiivka pogwiritsa ntchito njira yomweyo yoponya anthu ambirimbiri kutsogolo. Ntchito yotenga akaidi m'ndende unduna unali utailanda kale kuyambira kumayambiriro kwa 2023 ndipo unapitiriza. Anyamata a Wagner anabalalika, ena ku msasa wa ku Tsel ku Belarus kukaphunzitsa asilikali a Lukashenko, ena anasaina ndi unduna, ena Rosgvardia, ena magulu a Ramzan Kadyrov, mtsogoleri wa chigawo cha Chechnya, ena anabwerera kwawo.

Ku Africa kuno ndiye kumene katundu wamasiye anagawidwa mwachangu. Yevkurov yemwe uja anakhazikidwa pabenchi ku Rostov anatera ku Benghazi ku Libya kukaonana ndi Khalifa Haftar, mkulu wa asilikali wolamulira kum'mawa kwa dzikolo, pa 22 Ogasiti, kutatsala tsiku limodzi kuti ndege igwe, ndipo masabata otsatira anazungulira Mali ndi Burkina Faso kuwauza atsogoleri a kumeneko kuti ntchito ipitirira, mwini wake yekha ndiye wasintha. Pamenepo mpamene panabadwira Africa Corps, imene ili pansi pa unduna wa zachitetezo mwachindunji, ndipo inalowanso ku Niger mu 2024. Kusintha kumeneku kuli ndi mtengo wake kwa Moscow, chifukwa kale anthu wamba akaphedwa kapena asilikali aganyu akagonja, monga zinachitikira ku Tinzaouaten kumpoto kwa Mali mu Julayi 2024 kumene ambiri anaphedwa, Kremlin inkatha kunena kuti ndi kampani chabe ife sizikutikhudza. Pano chonamizira chimenecho chikutha. Ku Bangui, likulu la Central African Republic, dzina la Wagner linakhalabe lamphamvu mpaka anaimika chipilala cha Prigozhin ndi Utkin mu Disembala 2024, pomwe ku Mali gululi linalengeza mu Juni 2025 kuti likuchoka, Africa Corps n'kutsala.